Tiyi wa pa Mdadada wa ku Zolozolo

Titafika ku Mzuzu kuchokera kwathu ku Machinga, tinapeza nyumba ya lendi ku Zolozolo, pa mdadada wa makomo anayi. Amuna anga anali atatsegula kashopu ka nsalu mumsika, ndipo ankanyamuka kukangocha. Ine ndinkatsala ndi khanda, osadziwa munthu, Chitumbuka osachimva. Unali mwezi wa Juni. Chifunga chinkachedwa kuchoka, matewera osauma, ndipo kuzizira kunkandilowa mpaka m'mafupa.

Khomo loyandikana ndi lathu linali la mayi wina wamasiye wa ku Rumphi, wosoka zovala, yemwe ankakhala ndi mwana wake mmodzi. Anali wamkulu kwa ine ndi zaka ngati makumi awiri. Mdadada wonse unkawaitana kuti Amama, inenso ndinangotengera pomwepo. Makina awo osokera ankawaika pakhonde, kotero chilichonse chomwe ndinkachita pambaula panga ankachiona.

Tsiku lachitatu ndinkaphika tiyi monga timaphikira kwathu: madzi, masamba, mkaka, shuga ndi jinja, zonse mupoto mmodzi, n'kuzisiya ziwire mpaka fungo limveke kumsewu. Amama anaimitsa makina n'kundifunsa ngati ndikuphikira mwana phala. Nditawauza kuti ndi tiyi, anapukusa mutu.

"Mwana wane, tiyi saphika ngati nyemba. Masambawo mwawapha."

Awa ndi mawu oyamba amene anandiyankhula, kupatula moni. Ndinakhumudwa, koma madzulo ake anandiitana kuti ndikaone tiyi weniweni. Anali ndi tipoti yachitsulo, yosupuka pakamwa. Ankayamba aitsuka ndi madzi otentha, n'kuika masamba, kuthira madzi owira, kenako n'kuiveka kachipewa komwe anasoka ndi zidutswa za nsalu. Akatero ankakhala chete kudikira, manja ali pamiyendo ngati ali m'tchalitchi. Mkaka unkabwera pambuyo, shuga aliyense ankadzithirira yekha. Ankati anaphunzira zimenezi ali mtsikana, pomwe ankagwira ntchito panyumba ya anamwino. Nditalawa ndinawauza kuti awa ndi madzi omwe angodutsana ndi masamba panjira, tiyi wa anthu odwala. Anaseka mpaka kutsokomola, ndipo chibwenzi chathu chinayambira pamenepo.

Kuyambira apo, m'mawa uliwonse amuna anga akachoka, tinkakhala pakhonde aliyense ndi kapu yake, n'kumatsutsana. Palibe anagonjapo. Iwo ankati ife a kummwera timabisa ulesi mu shuga, ine ndinkati a kumpoto amaumira ndi masamba omwe. Mkangano unkachoka pa tiyi n'kufika pa china chilichonse cholowa m'kamwa. Kondowole wawo, nsima ya chinangwa, ndinkati ndi ulimbo wogwirira mbalame. Iwo ankati mpunga wanga umatha m'mimba munthu asanasambe m'manja. Nthochi zosapsa ankaphika ndi nyama, ine n'kumati nthochi imadikiridwa ipse, si ndiwo. Futali wanga ankati wachuluka nsinjiro, koma mbale ankaibweza yoyera. Anthu a pamdadada poyamba ankaganiza kuti tikukanganadi, mpaka mayi wa khomo lachinayi anabwera tsiku lina kuti atiyanjanitse, ndipo tonse awiri tinamutembenukira chifukwa iye ankamwa tiyi wozizira.

Pali zina zomwe sitinakanganepo, ndipo sitinazikambiranenso. Amama anali a mpingo, ife ndife Asilamu. Akagula nkhuku ankaibweretsa kuti amuna anga aizinge mwa Chisilamu, n'cholinga choti inenso ndidye nawo. Anagula poto wina amene sanaphikiremo nkhumba, ndipo ankamusunga payekha pamwamba pa kabati. Mwezi wa Ramazani ukafika, tiyi wawo ankamwera m'nyumba atatseka chitseko, ngakhale ndinkawauza kuti sizindivuta. Pa Idi ankabwera atavala chitenje chatsopano, n'kudya mbale ziwiri za mpunga kwinaku akudandaula kuti mafuta ndachulutsa. Ana anga atatu onse anakulira pamiyendo pawo, ndipo Chitumbuka anachiyamwira kwa iwo.

Tinakhala choncho zaka khumi ndi chimodzi. Cha kumapeto kwa zaka zimenezi anayamba kuonda ndi kumva ludzu pafupipafupi, ndipo kuchipatala anawapeza ndi matenda a shuga. Pobwera kumeneko sanaoneke wodandaula. Anandiuza kuti tsopano zaoneka poyera kuti kaphikidwe kawo ndi kanzeru, chifukwa iwo angosiya supuni, pomwe ine ndikanadwala sindikanatha kuchotsa shuga mupoto. Kuyambira nthawi imeneyo, akabwera kwanga ndinkawawiritsira madzi awoawo, n'kuwapatsa masamba kuti adzipangire okha.

Kenako tinamanga nyumba yathu ku Lupaso. Tsiku losamuka Amama anatithandiza kumanga katundu, ndipo galimoto ikunyamuka anabwerera kumakina awo osatiyang'ana. Ndinawalonjeza kuti ndizibwera sabata iliyonse. Ndinapita kawiri kapena katatu. Shopu inakula, inenso ndinayamba kukhala kumsika tsiku lonse. Ankandiimbira foni kufunsa za ana, ine n'kumati ndibwera Lachisanu. Lupaso ndi Zolozolo si kutali, munthu utha kupita ndi kubwerera dzuwa lisanapendeke. Koma panapita miyezi isanu ndi iwiri ndisanapondeko.

Loweruka lina kunyumba kunadzaza alendo. Abale a amuna anga anabwera kuchokera ku Machinga kudzakambirana za ukwati wa mlamu wanga wamng'ono, ndipo ine ndinali chiimire kuyambira m'bandakucha. Cha m'ma 10 koloko ndinamva odi kukhomo lakuseri. Anali Amama, atasenza kathumba ka mbatata. Anali ataonda kwambiri, koma mapazi anali otupa moti mapatapata ankangokwana zala zokha. Ndinaziona zimenezi. Ndinawalonjera, n'kuwakhazika pampando pafupi ndi khitchini.

Mbaula zonse ziwiri zinali ndi mapoto. Patebulo panali fulasiki ya tiyi wa alendo, wophika mwa kwathu, wa mkaka ndi shuga wambiri. Sindinganame kuti ndinaiwala. Ndikuthira m'kapu ndinakumbukira matenda awo, ndinakumbukiranso kuti tiyi wotere sanamufunepo chiyambire. Koma ndinadziuza kuti kapu imodzi si kanthu, ndipo kuwiritsa madzi ena kukanachedwetsa nyama.

Amama anailandira ndi manja awiri, n'kuiyang'ana kanthawi. Ndinkayembekezera kuti ayamba zija za nyemba. Anangoti, "Yewo," n'kumwa pang'onopang'ono mpaka kapu inatha.

"Ndimafuna ticheze pang'ono, mwana wane," anatero.

Ndinawapempha kuti adikire ndipereke kaye chakudya kwa alendo. Ndinalowa m'nyumba, apongozi anandiitana, kenako kunasowa madzi osamba m'manja, kenako mwana wa mlendo anataya msuzi pamkeka. Pomwe ndinkatuluka panali patatha ola kapena kuposa. Ndinawapeza ataima, akumanga chitenje. Ndinawaumiriza kuti adye, koma anati mwana wawo akuwadikira kunyumba. Ndinawaperekeza kufika pageti pokha, n'kuwaimitsira njinga ya kabaza. Asanakwere anandigwira dzanja nthawi yaitali, n'kundiuza kuti nyumba ndi yokongola ndipo tiyi wanga anali wabwino chomene. Ine ndinaseka, poganiza kuti akundinyogodola, ndipo ndinathamangira kumapoto njinga isanakhote.

Patatha mwezi ndi masiku angapo, ukwati uja utadutsa, ndinagula paketi ya masamba ndi buledi n'kupita ku Zolozolo. Pakhonde panalibe makina. Pazenera panali makatani ena. Mayi wa khomo lachinayi atandiona anasiya zochapa, n'kundilowetsa m'nyumba mwake. Anandiuza kuti Amama anapita kwawo ku Rumphi Lolemba lotsatira Loweruka lija, ndipo anamwalira patatha masabata awiri. Mdadada wonse unapita kumaliro. Onse ankaganiza kuti ndamva, chifukwa mwana wa Amama anati wandiimbira. Ndinatulutsa foni n'kuyang'ana. Nambala yachilendo inalipo, kawiri, tsiku limodzi. Ndinakumbuka kuti inalira ndikudula nsalu ya kasitomala, ndipo ndinati ndiimbanso ndikapeza mpata.

Sindikudziwa kuti ndinakhala nthawi yaitali bwanji pampando wa mayi uja. Buledi ndi masamba ndinazisiya komweko.

Loweruka lotsatira amuna anga anatseka shopu, tinapita ku Rumphi kukapepesa. Mwana wa Amama, mphunzitsi amene ndinkamudziwa kuyambira ali kusekondale, anatilandira bwino, wopanda mawu oipa. Anandiuza kuti madokotala anali atawauza mayi ake kuti impso zasiya kugwira ntchito bwino, ndipo iwo anasankha kukathera kwawo. Sabata yomaliza ku Mzuzu ankayenda kutsanzikana ndi anthu ochepa: amayi a kumpingo, mlongo wa malemu amuna awo ku Chiputula, ndi ine. Ku Lupaso anakana kuperekezedwa, ati ali ndi mawu oti akandiuze ndili ndekha.

Ndinamufunsa kuti mawuwo anali otani. Anati sakudziwa, mayi ake sanamuuze. Kenako ndinamuululira za kapu ija, ndikulira, n'kumufunsa ngati ndi imene inawonjezera matenda. Anandigwira paphewa n'kunena kuti ayi, matenda anali atafika kale patali. Tsiku limenelo, iye anatero, mayi ake atabwerera anangoti andipeza ndili bwino, ana akula, koma ndinali ndi alendo ambiri. Atatero anakagona.

Anatitengera kumanda, kuseri kwa munda wa fodya. Dothi linali lisanaphwe, ndipo nkhata za maluwa zinali zitafota. Mapemphero a mpingo wawo sindiwadziwa, choncho ndinangoima n'kuwapempherera m'mene ndimadziwira. Amuna anga anaima chapatali ndi amalume a pamudzipo.

Pobwerera minibasi inaima pa Ekwendeni kutsitsa anthu, ndipo amuna anga anandifunsa ngati ndikufuna kanthu kodya, poti kuyambira m'mawa ndinali ndisanalawe chilichonse. Ndinati ayi. Anagulabe chimanga chootcha n'kundiikira pamiyendo, ndipo chinafika ku Mzuzu chili chomwecho. Lolemba ndinatsegula shopu monga mwa masiku onse. Papita zaka zinayi tsopano, ndipo ndimaganizabe za mawu amene anabwera nawo ku Lupaso tsiku lija, n'kubwerera nawo.