A Gerevazio ndi Nyumba Yozungulira ya Bambo Awo

A Gerevazio anafika m'mapiri a ku Lobi ali kamnyamata, akutsata makolo awo amene anali atatopa ndi kuyendayenda kwa nthawi ya nkhondo. Bambo awo atapeza malo anamanga nyumba yozungulira, ya mitengo ndi dothi, khomo lake lalifupi ndi khonde lotsika lotchinga mphepo ya m'mapiri. Pa denga la nyumba imeneyo ndi pamene mnyamatayo anaphunzirira kufolera. Atakula anakwatira a Anjelina, ndipo madenga ambiri a m'mudzimo anadutsa m'manja mwawo. A Gerevazio sanali munthu wa mawu ambiri, ndipo kunena zoona, analinso ndi kaliuma.

M'chaka cha 1907 wansembe wina wa paulendo anabisala mvula m'nyumba ija, ndipo m'mawa mwake anachitiramo Misa, yoyamba m'mudzi wonsewo. A Gerevazio, imvi zili mbuu, anakhala pansi ndi ana kuphunzira katekisimu. Mutu unali wouma, koma sanaleke mpaka anabatizidwa. Patapita zaka ziwiri, bambo awo nawonso anabatizidwa ali gone pa mphasa, ndipo anamwalirira m'nyumba momwemo.

Apa ndi pamene panayambira mtanda wawo. Mwambo wa m'mudzimo unali woti nyumba yomwe mwamwalira munthu wamkulu imagumulidwa maliro akatha. Abale anabwera ndi nkhwangwa, koma anapeza a Gerevazio atakhala pakhomo, kolona ili m'manja.

"Muno munalowa Ambuye," anatero. "Chonde isiyeni, tizipemphereramo."

Anakangana tsiku lonse. Pomaliza akuluakulu anati, "Chabwino, ikhale. Koma muziisamala nokha, ndipo akadzaferamonso munthu wina, tidzaigwetsa ndithu."

Amati mutu umodzi susenza denga, koma uwu unasenza kwa zaka zisanu ndi zinayi. Chilimwe chilichonse a Gerevazio ankamweta udzu m'dambo, kusenda luzi ndi kukwera okha pamwamba. Chiswe chikadya mitengo ya chipupa, sankagwetsa khoma lonse: ankazula iwiri yokha pachaka, kulowetsa ina ya mtundu womwewo, n'kumata ndi dothi lofiira la pachulu chomwe bambo awo ankakumba. A Anjelina ankazira pansi. Akhristu ankabwera kudzapemphera Lamulungu, koma ikafika ntchito aliyense anali ndi munda wake. Zinkawapweteka mtima, ndipo sankabisa kuti atopa.

Nyumba yawoyawo ndiye inali yomvetsa manyazi. "Mmisiri wa mudzi wonse, ife n'kumagona titafunda lichero!" ankatero a Anjelina. Iwo ankangoyankha kuti, "Chaka cha mawa, mayi." Chaka cha mawacho sichinkafika.

Mu 1915 Vinsenti, mwana wa mng'ono wawo, anabwerako ku mishoni komwe anaphunzira kuumba njerwa. Anazungulira nyumba yopemphereramo ija akupukusa mutu.

"Bambo aakulu, mukudzipha chabe. Tiigwetse, timange yanjerwa, yamakona, ya mazenera. Mulungu sakana nyumba yabwino."

"Sakana, mwanawe. Kamange yakoyo pambali, ndidzakufolerera. Koma iyi ukaipatsa makona, ndiye kuti yapita."

Anakangana mwezi wathunthu. Za njerwa anakana, zokweza khomo anakananso. Anangolola kazenera kamodzi kummawa, kuti wowerenga mapemphero aziona zilembo, ndipo ataona kuwala kukulowa anavomera kuti mnyamatayo ananena zoona pamenepo. Vinsenti anachoka atakhumudwa, ndipo yanjerwa ija sanaimange.

Zaka zinawalemera. Mawondo anatupa, maso anachita chidima, ndipo mtolo wa udzu womwe kale ankaunyamula akuyimba tsopano ankaukoka pansi, akupuma kawiri katatu panjira. Nthawi zina ankakhala pakhonde n'kunena motsitsa, "Ambuye, ndatopa. Ine ndikapita, ndani?"

Mu Januwale wa 1918, mvula ikugwa tsiku lachitatu, anagwa pansi akumata mng'alu mkati mwa nyumba yopemphereramo ija. Anthu anathamangirako, Vinsenti ali patsogolo. Poona kuti nthawi yayandikira, anawayalira mphasa momwemo, popeza munali mouma ndi mofunda, ndipo wina anathamanga kukaitana wansembe. A Gerevazio atatsegula maso anayang'ana denga, n'kuzindikira pomwe agona.

"Nditulutseni muno."

"Bambo, kunja kuli mvula, ndipo kwathu kukudontha paliponse," anatero a Anjelina akulira. "Gonani muno, mwaivutikira nokha."

"Ndikafera muno, agwetsa. Ndinyamule, Vinsenti. Akagumule yangayo."

Vinsenti anawabereka kumsana, n'kudutsa nawo m'matope mpaka ku nyumba yawo. Anawagoneka pa kachigawo kamodzi komwe kanali kouma. Wansembe anafika madzulo, atanyowa, n'kuwadzoza mafuta. M'mawa mwake, akhristu akunena kolona ndipo madzi akudonthera m'miphika yomwe a Anjelina anatchera, a Gerevazio anapuma komaliza mwakachetechete, ngati munthu wotula katundu.

Maliro atatha, abale anagumula nyumba yodontha ija monga mwa mwambo, ndipo sinavute kugwa. A Anjelina anakakhala kwa mwana wawo wamkazi. Mvula itatha, anthu anaona Vinsenti, mmisiri wa njerwa, ali m'dambo ndi chikwakwa, akumweta mosadziwa bwino udzu wokafolera nyumba yozungulira ija. Tsiku lachiwiri anamutsatira amuna asanu ndi mmodzi.