Mkulu wa ku Chipoka pa Mzere wa Madzi

Mu msewu mwathu ku Mabvuku muli mkulu wina amene salola munthu kudandaula yekha pa mzere wa pa mjigo. "Kwathu ku Chipoka madzi amachita kukulondola mpaka pakhomo," amatero, chigubu chili m'manja. Anachokako ali mnyamata kudzalima fodya m'mafamu a dziko lino, koma tauni ya kwawoyo amaitchula khomo ndi khomo: kuseri kwa doko kuli a Mdoka, kufupi ndi njanji kuli a Chikwanje amene sankagonja pa mpikisano wa mabwato. Adzukulu awo amangoseka, n'kuwayankha m'Chishona. Ana opanda khutu!

Mwezi watha mdzukulu wawo Munira anabwera ndi dalaivala wa thiraki amene anakumana naye ku mafakitale a ku Graniteside, mwana wa ku Chipoka komweko. Dalaivalayo anavomera kuwatenga agogowo kuti akaone kwawo maso akadapenya. Mkuluyo anamanga chikwama tsiku lomwelo.

"Ndikakutulani kwa yani, bambo?" anafunsa dalaivala.

"Kwa a Mdoka."

"Pamenepo anamangapo nyumba yogona alendo."

"Nanga a Chikwanje?"

"Dzina limenelo ndimaliwerenga kumanda, bambo."

Anatchula mabanja onse, mnyamatayo akungopukusa mutu.

"Pita wekha, mwanangu. Ine ndikagogoda pakhomo pa yani?"

Chikwamacho chikadali chomanga kuseri kwa chitseko. Za madzi amanenabe, koma mayina aja anasiya. Dzulo pa mjigo Munira anayesa ndi Chichewa chake chopunduka: "Agogo, ankapambana mabwato ndani paja?"

"Sendeza chigubu, mwanangu," anayankha. "Mzere wayenda."