Dengu la Loweruka

Chaka chimenecho ndinataya mkazi, mnzanga wolimbirana naye bulangete, munthu wodziwa kumene makiyi ali, ndi manja awiri othyola tiyi. Pa zonsezi, komiti ya nyumba zatsopano inadandaula kwambiri za manjawo.

Bungwe lathu linkapeza ndalama motere. Esiteti inapereka malo omangapo ndi kamunda ka tiyi kuseri kwa mabulugamu. Banja lililonse lofuna puloti linkathyola dengu limodzi Loweruka lililonse, tiyiyo n'kugulitsidwa ku fakitale kuti tigule simenti ndi malata. Wojomba katatu ankalandidwa puloti. Dengu lathu ankadzaza ndi mkazi wanga, ndipo pa puloti pathu anali atabzalapo kale mtengo wa mapeyala. Maliro atatha ndinajomba kawiri.

Ndinapita kwa amayi apampando ndi envulopu ya ndalama.

"Bwezani m'thumba, aphunzitsi," anatero. "Tikalola zimenezo, mudzi wonse udzakhala wa anthu a mataye. Kuno ndi dengu basi."

Loweruka ndinafika nditavala nsapato za kusukulu. Ndinali nditawerenga kuti amathyola masamba awiri ndi nsonga, choncho tsamba lililonse ndinkayamba ndaliyang'anitsitsa. Amayi a mzere woyandikana nane anandisuzumira.

"Alamu, mukuthyola kapena mukuchonga mayeso?"

Ndinafulumira, ndipo dengu linadzaza. Pa sikelo kalaliki anapisamo dzanja natulutsa nthambi yathunthu.

"Izi ndi nkhuni, aphunzitsi. Fakitale ili nazo kale."

Atachotsa nkhunizo, tiyi wotsala sakanadzaza ngakhale chipewa. Ndinaima pomwepo, ndikuganiza za amene adzadye mapeyala aja.

Azimayi othyola tiyi anayamba kudutsa ndi madengu awo, akukangana za kukwera kwa feteleza. Aliyense podutsa ankagwetsera dzanja limodzi la tiyi m'dengu langa, osandiyang'ana n'komwe. Kalaliki anatanganidwa ndi kusongola pensulo. Atamaliza anayeza, n'kulemba.

"Ife sitinaone kanthu," anatero amayi apampando. "Koma kuyambira lero inu muzingonyamula madengu. Tiyiyu sanakulakwireni."

Mpaka pano ndimanyamula. Nyumba yafika pa mawindo.

Pobwerera tsiku lija m'pamene ndinamvetsa zimene mkazi wanga anandiuza kuchipatala ku Makwasa. Ine ndinkayembekezera mawu akuluakulu, ndipo ndinayesa kuti ndi kutentha thupi chabe. Anandikoka malaya n'kunena kuti:

"Inu, Loweruka mukaime pafupi ndi azimayi aja. Mukakhala nokha mutichititsa manyazi."