Gunvor ndi Mtsetse Umene Unamugwetsa

Thiraki inali itagona cham'mbali m'ngalande, matayala ali m'mwamba. Mabokosi a nsomba anali mbwee pachipale, akhwangwala atayamba kale phwando. Pambali panaima mayi wina, magazi akuchucha pachipumi, akuonerera ntchito yake yatsopano ikuthera pomwepo.

Mayiyo dzina lake ndi Gunvor. Inu amene munagwa ndipo mukuona ngati kudzuka n'kwa ena, tamverani. Nkhaniyi ndinaitola pageti la pamwamba pa phiri kuno ku Finnmark, dera lozizira la kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, pamene timadikira chigalimoto chokankha chipale kuti chititsogolere pamzere. Ine nsapato zinandithera m'misewu, ndipo nkhani zabwino ndimazipeza m'malo odikirira ngati amenewa.

Gunvor anakulira m'fakitale ya nsomba, m'kamudzi ka m'mbali mwa nyanja. Fakitale itatsekedwa, anzake analongedza n'kulowera kummwera. Iye sakanatha. Bambo ake, a Halvdan, msodzi wakale, miyendo inali itawakana, ndipo mawu awo anali amodzi: "Ine pano ndidzachoka ndili m'bokosi."

Ntchito imene inatsala m'deralo inali yonyamula nsomba kudutsa phiri. Gunvor anaphunzira udalaivala imvi zitayamba kale kusuzumira. Kampani inamupatsa thiraki yatsopano, yoyendera dizilo ndi magetsi pamodzi, chifukwa madalaivala akale ankaikana. Ankati ndi wailesi ya matayala.

Iye anaikonda. Potsika mtsetse thirakiyo imadzigwira yokha: ukakoka kachitsulo ka pachiwongolero, mota ya magetsi imabweza matayala, mphamvuyo n'kumaithira m'batire. Buleki ya phazi umangoiiwala.

Koma kuno mwana aliyense amakula ndi lamulo limodzi: nyengo yozizira, dzaza thanki mpaka pakamwa. Tsiku la ngoziyo geti la pamwamba pa phiri linatsekedwa chifukwa cha mphepo. Gunvor analumikiza chingwe cha magetsi cha pagetipo, n'kudzaza batire mpaka pakamwa monga analeredwera. Kenako anazula chingwe, thiraki n'kukhala pamphepo nthawi yaitali, batire n'kuzizira ngati mwala.

Geti linatseguka. Atafika pamtsetse anakoka kachitsulo kaja. Zii. Batire yodzaza ilibe pothira, ndipo yozizira silandira. Thiraki inayamba kuthamanga. Mwamantha anaponda buleki ndi mphamvu zonse, ngolo ya kumbuyo inapotoka pamadzi oundana, basi m'ngalande.

Mwini kampani sanakuwe. "Sindikuchotsa lero," anatero. "Uzitsuka mathiraki ndi kulumikiza zingwe pabwalo mpaka chipale chisungunuke. Zikatero tisiyana."

Pabwalopo panali dalaivala wina wa pakamwa, Reidar. M'mawa uliwonse ankatsitsa galasi n'kufuula: "Mayi Ngalande! Akhwangwala a kuphiri akupereka moni. Akuti mubwera liti? Njala yawapweteka!"

Anthu ankaseka. Gunvor ankangopitiriza kukolopa.

Tsiku lina anafika kunyumba n'kukhala pansi osavula n'komwe jekete. "Bambo, zakanika. Chipale chikatha ine ndipita kummwera. Inu tikupezerani malo kunyumba ya okalamba."

A Halvdan anayang'ana pawindo kanthawi. "Boti langa linanditembenukira ndili mnyamata," anatero. "Ukuganiza nyanja inabwera kudzandipepesa? Ndinabwererako ndekha. Lamulo lodzaza mpaka pakamwa ndi la dizilo, mwanawe. Chinthu chakochi chili ndi lake. Unakafunsa?"

Anali asanafunse. Manyazi anali atamutseka pakamwa.

M'mawa mwake anapita kwa Aslak, makaniko wa kampani. "Aslak, ndiuze chimene chinandigwetsa. Usandimvere chisoni."

"Chisoni ndilibe, ndinachisiya kunyumba," anatero Aslak akupukuta manja. "Batire ili ngati nkhalamba. Usaiuze kuthamanga isanamwe khofi. Isiye pachingwe itenthe mpaka nthawi yonyamuka. Ikazizira panjira, liza injini ya dizilo iipatse kutentha. Ndipo pamwamba pa phiri usamaikhutitse. Munthu wokhuta ukamupatsa chakudya amachiika pati?"

Anamuonetsanso kachizindikiro ka kutsogolo kosonyeza mphamvu imene batire ingalandire. Tsiku la ngozi kachizindikiroko kanali kakunena zoona. Gunvor ndiye sankadziwa kukawerenga.

Kuyambira pamenepo ntchito ya zingwe inasanduka sukulu. Ankafika pabwalo anthu asanabwere, m'kuzizira komata zikope, n'kumayendera thiraki iliyonse kuona mmene batire yagonera. Akamaliza kutsuka ankapempha kukwera ndi aliyense wodutsa phiri, n'kukhala pampando wa pambali.

Ulendo woyamba, atangoona mtsetse uja, anatseka maso. Ulendo wotsatira chimodzimodzi. Sanasiye. Anapitanso, n'kupitanso, mpaka anatha kuiyang'ana ngalande ija osatseka maso. Aslak anayamba kumulola kuyendetsa thiraki yopanda katundu pakachitunda ka kuseri kwa galaja.

Dzuwa, limene kuno limasowa m'nyengo yozizira, litayambanso kuonekera, Gunvor anadziwa kuti nthawi ikumuthera. Anagogoda kwa mwini kampani.

"Ndipatseni mtsetse womwe uja, ndi katundu."

"Ukagwanso?"

"Ndikagwanso simudzavutika kundichotsa. Ndidzachoka ndekha."

Mkuluyo anakanda kumutu. "Chabwino. Koma upita ndi Reidar."

Tsikulo kunazizira moti mpweya unkabaya m'mphuno ngati singano. Pamwamba pa phiri geti linali lotseka, ngati tsiku lija. Gunvor analumikiza chingwe, koma ulendo uno chongotenthetsera batire.

"Dzazani, Mayi Ngalande!" anatero Reidar. "Kuzizira konseku mukusiya theka?"

"Ndasiya malo."

"Malo a ndani? Akhwangwala?"

Geti linatseguka, magalimoto n'kuyamba kutsika pamzere. Pamtsetse anakoka kachitsulo. Thiraki inang'ung'udza, n'kudzigwira. Kachizindikiro kanayamba kukwera pang'onopang'ono.

Ndiye pakona yomwe ija, pamwamba pa ngalande yomwe ija, gulu la mphalapala zoweta linadumphira mumsewu chigalimoto chotsogolera chitangodutsa. Galimoto ya patsogolo pawo inayatsa nyali zofiira. Phazi la Gunvor linathamangira pabuleki lokha. Thupi lonse linkati ponda!

Sanaponde. Anawonjezera kachitsulo pang'ono, n'kumakhudza buleki mofatsa, kukhudza n'kusiya, kukhudza n'kusiya. Ngolo ya kumbuyo inagwedeza mchira kamodzi, kenako inabwerera pamzere. Thiraki inaima patatsala mpata woti munthu n'kudutsa cham'mbali.

Reidar anali atagwira chitseko ndi manja awiri, khofi yense ali pathalauza.

Gunvor anapumira m'mwamba. "Reidar," anatero, "ukawauze anzako aja kuti lero agona ndi njala."

Reidar anaseka mpaka misozi. Atafika kumunsi, ndi iye yemwe anaimbira mwini kampani. "Bwana, wailesi ya matayala ija musamupatsenso wina. Ili ndi mwini wake."

Chipale chinasungunuka, Gunvor sanapite kummwera. A Halvdan akadali pawindo lawo lomwe lija, ndipo thiraki ikamadutsa amakweza kapu. Dzina lakuti Mayi Ngalande silinachoke, koma tsopano mwini wake analilemba yekha pachitseko cha thiraki.

Ndikudziwa zimenezi chifukwa ndi iye ananditenga pageti paja, ine nditakhuta mphepo. Tikutsika ndinamufunsa ngati mantha anatha.

"Satha, agogo," anatero, maso ali pamsewu. "Kungoti sindiwalolanso kudzaza mpaka pakamwa."

Inu amene muli m'ngalande yanu lero, anthu akukutchulani dzina la kugwa kwanu, mverani ine woyendayenda. Musalole manyazi akudzazeni mpaka kusowa poika phunziro. Funsani chimene chinakugwetsani. Dzitenthetseni pang'onopang'ono. Kenako mubwerere pamtsetse womwewo, ngakhale mantha akadalipo.

Osataya mtima. Geti litsegukanso, ndipo likatseguka likupezeni muli pachiwongolero.