Wotchi ya a Chrissy Inakavina ku Dambe

A Chrissy a kwathu kuno ku Nsambe sadziwa kukana. Khasu, sefa, ngakhale nsapato zawo za kutchalitchi, ukapempha amakupatsa, nkukufunsanso ngati wadya. Ife oyandikana nawo tinasiya kalekale kugula ndowa.

Matenda anawapeza akulima mbatatesi. Miyendo inayamba kuchita dzanzi, lero kuyenda, mawa kukana. Kuchipatala chachikulu anati ndi matenda a mitsempha otchedwa MS, ndipo anawaveka kawotchi kakuda kouza adokotala mmene akuyendera, kudzera pa foni ya mwana wawo Lonjezo. Kawotchiko katasonyeza kuti miyendo ikufookadi, namwino anayamba kuwabweretsera mankhwala pakhomo pa njinga yamoto, chifukwa zitunda zathuzi sakanazitha.

Ndiye kunabwera a Gerishon, mlamu wawo, atasankhidwa kukhala nkhoswe pa chinkhoswe cha ku Dambe. Anati nkhoswe ya mkono wopanda kanthu imanyozetsa mtundu. A Chrissy anavula wotchi ija ngati akubwereketsa supuni. Bamboyo anapita wapansi, anavina mpaka fumbi kulowa m'makutu, nkubwereranso wapansi.

Namwino atabwera anatsika njinga akumwetulira. Pakhonde tinalipo ambiri, a Gerishon omwe. Namwinoyo anati adokotala adabwa, miyendo ya a Chrissy yadzuka, moti tsopano mankhwala azikatenga okha kuchipatala, njinga izipita kwa ena.

Tonse tinkayang'ana nkhuku. Kunena zoona kunali kuvula mlamu pagulu. Kukhala chete kunali kutaya njinga, ndipo popanda njinga mankhwala sakanawaona.

A Chrissy anayang'ana miyendo yawo nthawi yaitali.

"Anamwino, tabwerezani, ndimve bwino."

Namwino anabwereza kuti akuchira.

"Zikomo, mawu amenewo ndinali ndisanawamvepo, ndi okoma. Koma yovinayo ndi miyendo ya alamu angawa. Yanga inali pamphasa pompano. Wotchiyo ndinawapatsa ndekha, musawakalipire."

A Gerishon anaphimba nkhope ndi chipewa. Namwino anaseka mpaka kukhala pansi, kenako anakalipa ndithu, kuti wotchiyo si ya chinkhoswe. A Chrissy analonjeza kuti saivulanso, ngakhale abusa atapempha.

Pokwera njinga, namwino anati azibwerabe monga kale. A Gerishon anamuthamangira mpaka pamsewu, kufunsa ngati adokotala ananenapo chilichonse za kavinidwe kawo.