Netiweki ya pa Kacholola

Ndikuphunzitsa kompyuta pa sukulu ina ku Nyimba, ndinapanga kapulogalamu kanga: ukalemba liwu limodzi pa sikilini yakuda, pulogalamu imene ukufuna imatseguka yokha. Malangizo ake sindinalembe, nthawi zonse ndinkangoti ndidzalemba mailo.

Atandisamutsila ku Petauke, amai Tembo, amene analowa m'malo mwanga, anandiimbila foni.

"A Mwanza, ana ali pa mayeso ndipo kanthu kanu aka kakana. Ndilembe chiyani?"

Chinthu chopanga ndekha, ndinali nditachiiwala.

"Halo? Halo? Amai, ndili m'minibasi pa Kacholola, netiweki yavuta!" Ndinadula foni.

Chonsecho ndinali khale pakhonde panga, tambala akulila pambali. Amai Tembo anamumva ndithu tambalayo. Mpaka lelo sanandiimbilenso foni, ndipo inenso liwu lija sindinalikumbukilebe.