Khutu Lakumanzere

Linali tsiku lochapa. Amayi anali atayanika malaya a ababa pa mitengo ya nandolo kuseri kwa nyumba yathu, m'malayini a esiteti ya tiyi. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ndinakhala pakhomo nditatsamiritsa mutu pachitseko, chifukwa khutu lakumanzere linali litandizunza masiku atatu. Mlongo wanga Witinesi, amene anali asanayambe kuyenda, anali ndi chimfine. Ankakoka makutu ake onse awiri akulira.

Pazenera panali kabotolo ka mafuta a nsatsi. Kwathu amenewo ndiwo anali mankhwala a khutu. Ababa anabwera nayo nzeruyi kuchokera kwawo, kwa Apwitikizi. Ankafunditsa kabotolo padzuwa, n'kudontheza mafuta ndi nthenga ya nkhuku, n'kutseka khutu ndi thonje. Inu obadwa dzulo musaseke, tonse tinakula choncho.

Inali nthawi imene anthu ankakana Chitaganya ndi thangata. Ine za zimenezo ndinkadziwapo chiyani? Ndinangoona amuna akuthamanga ndi nkhwangwa, ati agwetsa mitengo pamsewu. Kenaka kunatulukira malole a asikali. Anthu amati mfuti zinalira koopsa tsiku limenelo. Ine ndinazimva ngati mayi akusinja kutsidya la mtsinje.

Ababa anafika alibe dengu lawo lothyolera tiyi. Sanalowe n'komwe m'nyumba. Anandinyamula paphewa, amayi n'kubereka Witinesi, tonse ulendo kulowa m'munda wa tiyi.

Kunali chiperoni. Phiri linkaoneka, n'kuzimiririka, n'kuonekanso kwina. Thupi langa linali moto, ndipo mizere ya tiyi inkandiyendera m'maso ngati madzi. Ndikukumbukira dengu la munthu likugubuduka lokha pamtsetse, masamba akutayika pang'onopang'ono. Ndinaliyang'ana mpaka linaima.

Tinakabisala m'nsungwi m'mbali mwa kamtsinje, pamodzi ndi mabanja ena a m'malayini. Pamenepo khutu linandigwira zenizeni. Linkagunda m'kati, gu, gu, gu, osapumira. Ndinalira, sindinama, ndinalira mokuwa. Mayi wina anati akhazikeni chete anawo, atiphetsa.

Dzuwa litafika paliwombo kunati zii. Ababa anaimirira. Amayi anawagwira malaya, koma iwo anati kwatha, akangotenga bulangete ndi makaka n'kubwerera. Kenaka anagwada pafupi ndi ine. Anachotsa thonje lija, n'kuika pakamwa pawo pa khutu lodwalalo kuti ndimve bwino.

"Eneresi, limba mtima, mwanawe. Ndikukatenga mafuta ako. Ndibwera pompano."

Mpweya wawo unali wofunda, wonunkhira fodya. Ndinawaona akukwera pakati pa tiyi mpaka nkhungu inawameza, kuyambira kumutu.

Tinadikira. Mthunzi wa nsungwi unachoka pamiyendo yanga n'kuwoloka madzi. Kutali mayi uja anayambanso kusinja, kanthawi kochepa chabe. Amayi anatseka maso.

Nthawi yomweyo m'khutu munati phu. Chinthu chofunda chinatsikira m'khosi. Ululu wonse unatha, ngati munthu wautula pansi. Ndinapukuta ndi tsamba, ndipo chinali chachikasu, chonunkha. Ndinakokera mpango wanga pakhutupo n'kumanga mfundo. Sindinauze munthu. Kulira kwanga n'kumene kunali kutatuma ababa, ndiye ndinalumbira mumtima kuti sindidandaulanso, angachoke wina. Amayi atandifunsa ndinati ndachira. Iwo anati Mulungu alemekezeke, watsala mmodzi.

Ababa sanabwere. Anthu anayamba kunyamuka, ndipo ife tinanyamuka pomalizira penipeni.

Tinayenda tsikulo ndi lotsatira lake, tikupewa msewu waukulu. Witinesi ankalirabe kumbuyo kwa amayi, mamina ali chuchuchu. Aliyense wokumana nafe ankamvera chisoni iyeyo. Ine ndinkatsata m'mbuyo nditagwira nsonga ya nsalu ya amayi. Dziko linali litapendekekera mbali imodzi. Miyala ya m'njira inkaoneka ngati ikuyandama. Mbalame zonse zinkalira kudzanja lamanja lokha, ndipo ndinkadabwa kuti za kumanzere zathawira kuti.

Ntchentche imodzi inanditsata ulendo wonsewo. Ndinkaiyesa mnzanga.

Pamudzi wina mayi wosatidziwa anatigoneka m'khitchini mwake, n'kutipatsa nthochi zowiritsa. Sindinadye. Kuseri kwa khutu kunali kutayamba kutupa, ndipo ndinkamva kuzizira anthu onse akutuluka thukuta.

M'mawa mwake tinafika pachipatala cha mishoni. Pakhonde panali anthu ambiri othawa ngati ife. Amene ankaona odwala anali bambo wamfupi wa kabudula wa khaki, wothandiza adokotala, koma tonse tinkangomuti adokotala. Anali ndi kagalasi kozungulira pachipumi. Amayi anamasula Witinesi n'kumupereka ndi manja awiri. Anapempha jekiseni. Masiku amenewo munthu akapanda kubayidwa ankati sanathandizidwe.

Adokotala anatembenuzira mwanayo kudzuwa. Anasuzumira khutu ili, n'kusuzumira linalo. Anamugwira pachipumi, n'kumupukuta mphuno ndi kansalu.

"Uyu ndi chimfine, mayi. Makutu onse awiri angofiira pang'ono, mafinya mulibe, thupi silikutentha kwambiri. Khutu lotere limabwera ndi chimfine, limapitanso ndi chimfine. Jekiseni salithandiza. Muyamwitseni, tikhale tikumuona masiku awiri."

Amayi anakwiya, ndinawaona pakamwa. Kuyenda mtunda wonse uja, kuti auzidwe kuti ayamwitse mwana!

Koma adokotala sankawayang'ananso. Ankayang'ana ntchentche yanga ija, imene inali itatera pampango. Anandikodola ndi chala. Anamasula mfundo, ndipo nsaluyo inakana kuchoka, inali itamatirira. Anadina kuseri kwa khutu ndi chala chachikulu. Lumbiro langa linathera pomwepo. Ndinakuwa mpaka khonde lonse linacheuka.

Amayi anati, "Komatu ameneyo anati wachira."

"Sanachire, laphulika," anatero adokotala. "Khutu limodzi, thupi moto, mafinya, kutupa kuseri. Ili ndi la tizilombo tina, topanga mafinya. Likaphulika ululu umatha, mwana amakhala chete, koma matenda akulowerabe m'kati. Jekiseni mukufunayo ndi wa uyu. Mukanachedwa, zikanafika kumutu."

Ndinafunsa funso limodzi lokha. Ndinati nanga ababa akabwera ndi mafuta a nsatsi, ndidzathire?

Anapukusa mutu akutsuka m'manja. Anati khutu ili mafuta sakanalithandiza, ngakhale tsiku loyamba lomwe. Sankadziwa chimene akunena, munthu wa Mulungu. Amayi anakhala pansi pasimenti, miyendo tambalale, mpaka dzuwa linapendeka.

Anandibaya masiku ambiri, mpaka kukhala pansi kunandivuta. Kutupa kunaphwa. Witinesi anachira patatha masiku atatu, wosabayidwa ngakhale kamodzi. Lero ndi nkhalamba ya dazi, koma miseche amaimva ikunenedwa kutsidya la msika. Mdzukulu wanga amene ndi namwino amati la Witinesi linali la vayirasi, langa la bakiteriya. Ine ndimangodziwa kuti wolira kwambiri sindiye anali wodwala kwambiri.

Za ababa ena anati anawaona akukwezedwa mulole. Ena anati anagwa pafupi ndi mlatho. Manda sitinawaone.

Kutakhala bata amayi anabwerera kumalayini okha. Malaya aja anawapeza adakali pa nandolo, atachita nkhungu. Bulangete linali pamkeka pomwe linatsala. Makaka anali m'lichero. Koma pazenera kabotolo panalibe.

Ndiye kuti ababa anafika. Anayamba atenga kanga.

Khutu lakumanzere silinamvenso kanthu kuchokera tsiku la m'nsungwi lija. Ana akaiwala n'kundiyankhula mbali imeneyo, ndimawauza kuti zungulirani, uko kuli eni ake. Amaseka, amayesa nthabwala za ukalamba. Koma mawu omaliza amene linamva khutu limeneli ndi a ababa, ndipo palibe mawu ena analowamo kudzawafufuta. Akadali momwemo, ofunda, akunena kuti abwera pompano.